Kodi mumadziwa? Nsalu yobiriwira imafuna nyali zakezake

Wolosera zanyengo pa wailesi ya kanema amaloza mapu omwe kumbuyo kwake kulibe. Chilipo ndi nsalu yobiriwira, yomwe kompyuta imachotsa n'kuikapo chithunzi china. Luso lomweli angalichite m'chipinda cha lendi wophunzira wa pa Midlands State University ku Senga, mumzinda wa Gweru.

Poyamba opanga mafilimu ankagwiritsa ntchito mtundu wa buluu. Larry Butler anapata mphoto ya Oscar chifukwa cha lusoli mu filimu ya The Thief of Bagdad ya mu 1940. Wobiriwira unatchuka chifukwa m'makamera ambiri a masiku ano timaso tolandira mtunduwu n'tochuluka kawiri kuposa ta wofiira kapena ta buluu.

Koma ntchito yagona pa kuwala. Nsalu isitidwe, ikokedwe kuti gwa, ndipo iunikidwe ndi nyali ziwiri zofanana mphamvu, ina kumanja ina kumanzere, kuti pasakhale powala kwambiri kapena pamdima. Wojambulidwa akhale ndi nyali zake, aime mamita 2 kapena 3 kuchokera pansalu. Akayandikira, chithunzithunzi chake chimagwera pansalupo, ndipo kubiriwira kumamumata m'tsitsi ndi m'mapewa. Apa ndi pomwe ambiri amaonongera ntchito yabwino.

Magetsi akathima, jambulani panja tsiku la mitambo, poti kuwala kumafika mofanana ponseponse. Wokonda FC Platinum ya ku Zvishavane asiye jezi yake yobiriwira kunyumba, apo ayi mufilimu mudzaoneka mutu ndi mikono basi.