Kuona Mvula Isanagwe

Alimi ambiri ali ndi ana ku Matero, Chawama kapena Mtendere amene amagwira nchito pa kompyuta. M'makinawo mumaikidwa pulogalamu yosonyeza nyengo ya masiku akudza. Mwana wanzeru asayang'ane za Lusaka zokha, koma alembemo boma la kwao, kaya Petauke kaya Katete, nauze makolo pa lamya.

Cofunika kwa mlimi si tsiku la mvula yoyamba ai, koma masiku otsatira, pakuti mbeu yobzalidwa pa cizimalupsa imapserera dzuwa likabwerera. Zolosera za masiku 3 n'zodalirika koposa za masiku 10. Koma za dzinja lonse, monga cilala cimene cinaononga cimanga mu 2024, mlimi azimvera a Zanyengo a Boma pa wailesi.