Zofunika pokhazikitsa pulogalamu yosunga kope la kompyuta pa seva ina

Makopaletivi a alimi ndiponso amalonda ena amasunga kaundula wa mamembala, ngongole ndi katundu pa seva imodzi. Mkati mwa seva yotere mumatha kukhala makompyuta angapo osagwirika ndi manja, omwe akatswiri amawatcha virtual machine. Sevayo ikapsa kapena kubedwa, onsewo amapita nayo limodzi.

Pofuna kupewa zimenezi, pali mapulogalamu omwe amatumiza kope la virtual machine ku seva yachiwiri, kenako n'kumatumiza zokhazo zomwe zasintha. Chitsanzo ndi Hyper-V Replica ya mu Windows Server, yomwe imatumiza zosinthazo pa masekondi 30, mphindi 5 kapena mphindi 15 zilizonse. Pulogalamuyi isanakhazikitsidwe, zinthu izi ziyenera kukhalapo.

1. Maseva awiri oyenera. Iliyonse ikhale ndi purosesa ya 64-bit yokhala ndi SLAT, ndipo virtualization itsegulidwe mu BIOS. Hyper-V imafuna RAM yosachepera 4 GB, koma seva yachiwiri iyenera kukhala ndi yokwanira kusenza ntchito yonse yoyamba ikaima.

2. Malo pa disiki. Akhale okwanira kope lonse, kuphatikizapo makope a maola apitawo.

3. Intaneti yodalirika. Ngati 1 GB imasintha pa ola, pamafunika liwiro lotumizira loposa 2.2 Mbps nthawi zonse. Firewall ilole port 80, kapena 443 ngati pakugwiritsidwa ntchito satifiketi.

4. Magetsi ndi mtunda. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo magetsi anavuta kwa miyezi yambiri. Choncho malo onse awiri akhale ndi UPS komanso jenereta kapena sola, ndipo atalikirane kuti madzi osefukira kapena moto zisawononge onse pakamodzi.

Anthu adziwenso kuti pulogalamuyi imakopera chilichonse. Fayilo ikafufutidwa molakwika kapena vairasi ikalowa, zomwezo zimafika ku seva yachiwiri pakangopita mphindi zochepa. N'chifukwa chake pamafunikabe kope lina losungidwa padera, losalumikizidwa ku intaneti.

Atsogoleri a makopaletivi ndi eni mabizinesi akulangizidwa kuti, asanalipire katswiri woika pulogalamuyi, amuuze ayatse kopelo iwo akuona, ndipo atsimikize kuti kaundula yense akutseguka.