Ululu wa Wodwala Sudikira Ulendo wa ku Boma

Wothyola tiyi pa maesiteti a ku Thyolo, monga Satemwa, Conforzi kapena Makandi, akagwidwa ndi malungo amapita ku kachipatala ka pa esiteti, nalandira mankhwala, nabwereranso kumunda ndi dengu lake kumsana. Koma alipo matenda ena, monga khansa yozindikirika mochedwa, amene adokotala amaona kuti kuchira palibe. Wodwala wotere amaleka ntchito, ndipo kawirikawiri amasiyanso nyumba, pakuti nyumba ya pa esiteti ndi ya wogwira ntchito. Tsono kumudzi kumene wapita kukagonako, ululu wake adzaupeputsa ndani?

Maiko anayankha funsoli mosiyana. Ku Mangalande, Cicely Saunders anatsegula nyumba ya St Christopher's mu London m'chaka cha 1967, kumene odwala osachiritsika amasamalidwa kufikira tsiku lomaliza. Njirayi ndi yaulemu, koma imafuna chuma chambiri. Ku Kerala, m'dziko la India, ntchito yaikulu inagwera anansi odzipereka amene amayendera odwala m'makomo.

Phunziro loyenera Thyolo likuchokera ku Uganda. Kumeneko Dokotala Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, ndipo anaonetsa kuti mofini wa ufa akasungunulidwa m'madzi ndi kuthiridwa m'botolo amakhala wotsika mtengo, kotero kuti wodwala angathe kumwa ali pa mphasa yake, popanda jekeseni. Chovuta chinali lamulo, pakuti dokotala yekha ndiye ankaloledwa kulemba mankhwalawa, ndipo madokotala kumidzi ndi osowa. Mu 2004 Boma la Uganda linasintha lamulolo, nilola anamwino ndi othandiza adokotala amene aphunzira ntchitoyi kuti azilemba okha. Kunena zoona, kusintha ndime ya lamuloyo kunafikitsa chithandizo kutali kuposa kumene nyumba yomangidwa ndi njerwa ikanafika.

Malawi sanatsalire. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre panatsegulidwa Tiyanjane mu 2003, ndipo mu 2014 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya chisamaliro chimenechi, chaka chomwecho chimene msonkhano waukulu wa World Health Organization unapempha maiko kuti achilowetse m'zipatala zawo. Thyolo ali ndi mwayi wina umene maboma ambiri alibe. Pamene Edzi inali kupulula anthu, a Médecins Sans Frontières anafika m'bomali mu 1997, nayamba kupereka ma ARV mu 2003, ndipo pamodzi ndi chipatala cha Boma anaphunzitsa anthu odzipereka kusamalira odwala m'midzi. Ambiri mwa odwalawo anadzuka, koma luso loyendera makomo linatsala m'mitima ya anthu.

Chotsala ndi mtunda. Mofini ndi mankhwala osungidwa mokiya, olembedwa m'kaundula botolo lililonse, ndipo kutero nkoyenera. Koma mayi wa ku Thekerani amene mwamuna wake akubuula usiku wonse, botolo likatha, ayenera kupeza ndalama ya ulendo, kusiya wodwala ndi ana, ndi kutsika ndi kukwera mapiri kuti akatenge lina. Akuluakulu a zaumoyo, eni maesiteti ndi mafumu akakhala pansi, nkhani yoyamba ikhale ya namwino amene angafike pakhomo la mayiyo botolo lisanathe.