Anabwerera ndi Malipenga Kudzathokoza Mphunzitsi Wawo

Pa tsiku limene zotsatira za mayeso zifika pa sukulu, maina a aphunzitsi ena amakhala pakamwa pa aliyense. Wa masamu atamandidwa, wa Chingerezi agwidwa chanza, ndipo mkulu wa sukulu alemba kalata yonka ku ofesi ya maphunziro kunena kuti apambana ana angati. Koma pali mphunzitsi mmodzi amene kawirikawiri salowa m'kalatamo, ndiye uja amatsala ndi ana madzulo anzake ataweruka, kuwaphunzitsa kuimba, kuomba ng'oma ndi kuliza malipenga. Ameneyo amakumbukika kukamveka kuti kubwera mlendo wolemekezeka wofunika kumuimbira. Mlendo akachoka, malipenga abwerera m'bokosi, ndi dzina la mphunzitsi lomwe.

Mbiri ya Bambo Conrad O. Johnson, a mu mzinda wa Houston m'chigawo cha Texas ku Amereka, iyenera kulingaliridwa ndi onse amene ali ndi udindo woyesa ntchito ya aphunzitsi, pakuti ionetsa poyera kuchedwa kwa ulemu wa mphunzitsi wotere, ndiponso anthu amene amabwera nawo ukafika.

ANAKANA NJIRA YA KUTCHUKA

Bambo Johnson anabadwa pa 15 November 1915 m'tauni ya Victoria ku Texas komweko, ndipo banja lawo linasamukira ku Houston iwo ali ndi zaka 9. Masiku amenewo malamulo a zigawo za kummwera kwa Amereka anali kulekanitsa anthu potsata khungu. Mwana wakuda anali ndi sukulu yake, mwana wa Mzungu yakenso, ndipo sukulu za anthu akuda ndizo zinali kulandira ndalama zochepa. Iwo anaphunzira pa sukulu ya Yates, natsiriza maphunziro awo pa koleji ya Wiley, imene mpingo wa Methodist unakhazikitsa mu 1873 kuti iphunzitse anthu omasulidwa ku ukapolo pamodzi ndi ana awo.

Anali katswiri woliza saxophone, chitoliro chachitsulo chija chopindika kumapeto. Nthawi ina analiza pamodzi ndi Count Basie, mmodzi wa atsogoleri omveka a nyimbo za jazz, ndipo mtsogoleri wina, Erskine Hawkins, anawanyengerera kuti alowe m'gulu lake. Kwa mnyamata wakuda wa nthawi imeneyo kuitanidwa kotere kunali khomo la ndalama ndi la kutchuka, ndipo makomo otere anali owerengeka ndithu. Iwo anakana chifukwa anali kukonda kuphunzitsa, ndiponso sanafune kusiya banja lawo. Anayamba uphunzitsi mu 1941, nakhalamo zaka 37.

Pali mawu achipongwe amene amamveka m'maofesi ndi m'mabasi momwe, akuti munthu amalowa uphunzitsi akalephera kwina. Onena mawuwa akadayamba amvako za munthu uyu, amene kwinako anamuitana iye nakana.

Ntchito imene inamveketsa dzina lawo anaichita pa sukulu ya sekondale ya Kashmere, kumpoto chakummawa kwa Houston, m'dera lokhala anthu akuda, ambiri a iwo osauka. Sukulu zambiri za ku Amereka zili ndi bandi yoguba pa bwalo la masewera. Zina zili ndi gulu linanso losankhika, la malipenga, zitoliro, gitala, limba ndi ng'oma, loimba lili pa nsanja, ndipo gulu lotere linali kutchedwa stage band. Dzinali linali lobisira, pakuti zimene anali kuimba zinali jazz ndithu, koma makolo ndi akulu a mipingo ambiri anali kuyesa jazz nyimbo za kumowa, zosayenera kutchulidwa pa sukulu.

Mu 1967 Bambo Johnson anapita kukaonera woimba wotchuka, Otis Redding, amene anafa pa ngozi ya ndege mu December chaka chomwecho. Zimene anaona ndi kumva kumeneko zinawapatsa maganizo atsopano. Magulu a sukulu zina anali kubwereza nyimbo za makolo awo, za m'zaka za 1930 ndi 1940, pamene ana a ku Kashmere mitima yawo inali pa nyimbo za James Brown ndi anzake, zotchedwa soul ndi funk, zolemera ng'oma ndi zovinitsa. Mphunzitsiyo anatsimikiza zolowetsa nyimbo za anawo m'kalasi. Kumbukirani kuti pamenepo anali ndi zaka zoposa 50, msinkhu umene aphunzitsi ambiri amangowerenga zimene analemba m'kope kalekale, nayembekeza penshoni.

Apa mpofunika kumvetsa bwino, chifukwa ena angayese kuti anangolekerera ana kuchita zofuna zawo. Sizinatero ayi. Kuti gulu lalikulu la malipenga liimbe nyimbo, pafunika munthu wolembera chida chilichonse gawo lakelake, kuti lipenga laling'ono likakwera lalikulu liyankhe, ndipo zitoliro zidzaze pakati popanda kupondana. Ntchito imeneyi anali kuichita iwo eni, ndipo nyimbo zambiri za gululo anapeka okha. Mwana wofuna kuimba nyimbo imene anali kuikonda anayenera ayambe wadziwa kuwerenga manotsi, kusunga nthawi, kufika pa maphunziro osachedwa, ndi kumvera mnzake wa pambali pake. Nyambo inali funk, koma mbedza inali mwambo ndi khama. Anawaphunzitsanso kugwedeza malipenga onse pamodzi ndi kuvina akuimba, chinthu chachilendo pa mipikisano imene ana anazolowera kukhala duu pa mipando. Anawo anawapatsa dzina lakuti Prof, ndiko kufupikitsa mawu akuti purofesa.

Zipatso zake zinaoneka msanga. Kuyambira 1969 kufikira 1977 bandi ya Kashmere inalowa mipikisano 46, ndipo inapambana 42. Mu 1972 inasankhidwa kukhala yoposa zonse pa mpikisano wa dziko lonse umene unachitika mu mzinda wa Mobile m'chigawo cha Alabama. Malowo ali ndi tanthauzo lake, pakuti mu 1963, zaka 9 zokha m'mbuyomo, bwanamkubwa wa Alabama, George Wallace, anaimirira pakhomo pa yunivesite ya chigawocho kutsekereza ophunzira akuda kuti asalowe. Ana a Kashmere anayendanso ulendo wa ku Ulaya mu 1973 ndi wa ku Japan mu 1975, najambula mbale za galamafoni 8.

Mu 1978 Bambo Johnson anapuma pa ntchito, ndipo bandi yotchuka ija inathera pomwepo. Nyumba ya sukulu inalipo, ana analipo, koma munthu amene anali kumanga zonsezi pamodzi anali atachoka.

ULEMU WOYENDA PANG'ONOPANG'ONO

Zikho 42 zikadayenera kufulumizitsa ulemu, koma bungwe la atsogoleri a mabandi a ku Texas linalemba dzina lawo m'kaundula wa akatswiri ake mu 2000, patapita zaka 22 chipumire, iwo ali ndi zaka zoposa 80. Chigawo cha maphunziro a luso pa sukulu ya Kashmere chinatchedwanso dzina lawo. Zonsezi nzabwino, ndipo palibe angazinyoze. Komabe munthu ayenera kufunsa kuti mphunzitsi akadapanda kukhala ndi moyo wautali chotero, akadamva chiyani ndi makutu ake.

Funso limeneli lili ndi yankho mu mzinda wina, wa Chicago. Kumeneko kunali Bambo Walter Dyett, amene anaphunzitsa nyimbo pa sukulu za Wendell Phillips ndi DuSable kuyambira m'zaka za 1930. M'manja mwawo munadutsa Nat King Cole, Dinah Washington, Gene Ammons ndi Johnny Griffin, maina amene okonda jazz a dziko lililonse awadziwa. Anamwalira mu 1969, ndipo sukulu yotchedwa dzina lawo inatsegulidwa mu 1972, iwo ali m'manda. Pambuyo pake akulu a maphunziro a mzindawo anaganiza zoitseka, kufikira makolo ndi anthu ena a m'deralo anadzimana chakudya masiku 34 mu 2015 kuti ipulumuke. Inatsegulidwanso mu 2016 monga sukulu ya luso.

Kwa Bambo Johnson thandizo linachokera kumene sanali kuliyembekeza. Mbale zija za ana a sukulu zinali zitaiwalika, koma anyamata a mbadwo wina, ofufuza mbale zakale m'masitolo kuti atengemo zidutswa zopangira nyimbo za hip-hop, anazipeza nadabwa kumva kuti oimbawo anali ana a sekondale. Mu 1999 DJ Shadow anagwiritsa ntchito chidutswa cha nyimbo yawo yotchedwa Kashmere, ndipo mu 2006 kampani ya Now-Again inasonkhanitsa nyimbo za gululo nizitulutsanso pa dzina lakuti Texas Thunder Soul. Tsono anthu amene sanapondepo m'kalasi mwa mphunzitsiyo anayamba kutchula dzina lake m'maiko akutali.

Nanga ofesi ya maphunziro ingazindikire bwanji mphunzitsi wotere nthawi isanathe? Vutoli si laling'ono, ndipo sikoyenera kunyoza oyendera sukulu ngati kuti ali akhungu. Woyendera afika tsiku limodzi, aona kaundula wa ana, aona ndondomeko ya maphunziro, akhala kumbuyo kwa kalasi ola limodzi, nalemba lipoti. Zimene angathe kuwerenga aziwerenga mokhulupirika. Koma sangaone mnyamata amene akadasiya sukulu chaka chatha, amene akubwerabe chifukwa afuna kusunga malo ake m'bandi. Sangaone msungwana wamanyazi amene waphunzira kuimirira pamaso pa khamu. Ngakhale zikho sizinena zonse, chifukwa zimangoyesa tsiku limodzi la ana opambana, ndipo pali aphunzitsi abwino ambiri amene sukulu zawo zilibe ndalama yofikira ku mpikisano.

Maiko anayesa kukonzako. Pa 5 October 1966 mabungwe a UNESCO ndi ILO anagwirizana ku Paris pa chikalata chonena za ufulu ndi udindo wa aphunzitsi, ndipo kuyambira 1994 tsiku limeneli limakumbukiridwa monga tsiku la aphunzitsi pa dziko lonse. Pa tsikulo akulu amalankhula mawu okoma otamanda aphunzitsi onse pamodzi. Mawu otere savuta kunena, chifukwa satchula munthu, ndipo mphunzitsi wakhama ndi waulesi amawalandira mofanana.

Njira ina inayambidwa ndi bungwe limene limapereka mphotho za Grammy kwa oimba. Mu 2014 linapereka kwa nthawi yoyamba mphotho ya mphunzitsi wa nyimbo, ya madola 10,000, ndipo anailandira Bambo Kent Knappenberger a ku Westfield m'chigawo cha New York. Mu 2020 inapita kwa Bambo Mickey Smith Jr., mtsogoleri wa bandi pa sukulu ina ya ku Sulphur, Louisiana. Chofunika kuchiona m'menemo si ndalamazo, koma kuti aliyense aloledwa kupereka dzina: mwana wa sukulu, kholo, mphunzitsi mnzake, kapena munthu amene anaphunzira kalekale. Chaka choyamba maina anaposa 30,000. Zoona, mphotho imodzi pa khamu lotere ili ngati dontho m'chulu, ndipo pali mantha akuti ana angasankhe mphunzitsi wowasekerera. Mantha amenewa amachepa pamene ofunsidwa ali anthu akuluakulu amene anachoka pa sukulu zaka 10 kapena 20 zapitazo, pakuti iwo sayembekezanso malikisi kwa munthu, ndipo moyo wawaonetsa kale maphunziro amene anali ndi phindu. Umboni wawo supezeka m'mafaelo a ofesi pokhapokha ofesiyo itatuluka kukaufuna, ndipo sufuna ndalama zambiri: kalata, sitampa, ndi kalaliki wosunga maina.

Ku Houston ophunzira akale sanadikire kufunsidwa. Kumayambiriro kwa 2008, poona kuti mphunzitsi wawo wafika zaka 92 ndipo thupi lafooka, anaitanizana kuti amuimbire. Anasonkhana ngati 30, amuna ndi akazi a zaka za m'ma 50, ena ochokera m'zigawo zakutali. Ambiri a iwo sanakhale oimba. Analowa ntchito zosiyanasiyana, ndipo ena anali asanakhudze lipenga zaka 30. Owerenga amene analizapo lipenga adziwa kuti milomo imaiwala msanga kuposa mutu, ndipo munthu akalekeza miyezi yochepa chabe mawu amatuluka osweka. Anthuwa anakhala masabata angapo akuyeseza m'chipinda cha bandi cha sukulu yawo yakale, poyamba molephera ndi moseketsa, kufikira nyimbo zija zinabwerera m'zala.

Anaimba pa sukulu ya Kashmere m'masiku oyamba a February 2008, Bambo Johnson atakhala pakati pa omvera, akumva nyimbo zimene analemba okha zikulizidwa ndi ana awo a imvi. Pa 3 February anamwalira.

Zonsezi zinajambulidwa ndi Bambo Mark Landsman, ndipo kanema wake, wotchedwa Thunder Soul, anaonetsedwa koyamba mu 2010, nafika m'nyumba za kanema mu 2011. Wofotokoza nkhaniyo m'kanemamo ndi Jamie Foxx, amenenso anakulira ku Texas. Ophunzira akalewo sanabwezere malipenga awo m'bokosi maliro atatha, koma anapitiriza kuimba pamodzi m'zaka zotsatira, pa dzina lomwe lija la Kashmere.