Chitosi cha mbalame pa boneti: mthunzi waulere, penti wodula

Okutobala akafika, malo oimikapo galimoto amene amayamba kudzaza ndi apansi pa mtengo. Ku ofesi, ku tchalitchi, ngakhale ku chipatala, aliyense amathamangira mthunzi wa mango kapena kachere kuti chiwongolero chisadzamuotche m'manja poweruka. Koma mtengowo uli ndi eni ake. Masana mumakhala akhwangwala, nkhunda ndi apumbwa, usiku mumabwera mileme, ndipo onsewa akakhuta sasankha pogwetsera.

Ambiri timachipeputsa chitosi. Timati anyamata a pa car wash adzachichotsa Loweruka. Loweruka likafika amachichotsadi, koma pamalopo pamatsala chipsera chozimirira, chojambula ndendende mmene chitosicho chinakhalira, ndipo sopo sachitha.

Mbalame sikodza padera ngati mbuzi. Zonse zimatulukira pamodzi, ndipo choyera cha m'chitosi ndiwo mkodzo wake, wodzaza ndi asidi wotchedwa uric acid, amene sasungunuka msanga m'madzi. N'chifukwa chake mvula yowaza imangochinyowetsa osachichotsa. Chakuda chapakati ndi zotsalira za chakudya: njere, zikhokho za tizilombo, nthawi zina ndi timchenga timene mbalame zodya mbewu zimameza kuti tizipera chakudya m'nthutumba. Munthu akatenga nyuzipepala youma n'kuyamba kukwecha, timchengato ndi timene timalemba mizere pa penti.

Galimoto zambiri za masiku ano, kuphatikizapo ma Vitz, ma Passo ndi ma Sienta amene timaitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, zili ndi penti wosanjikiza. Pansi pali pulaima, pakati pali mtundu, pamwamba pali clear coat, wopanda mtundu, amene amawalitsa ndi kuteteza zapansizo. Clear wa ku fakitale amakhala wa ma micron pafupifupi 40 mpaka 50, wopyapyala kuposa tsitsi limodzi la munthu. Nkhani yonse ya chitosi imachitikira m'kachikopa kameneka.

Asidi sagwira ntchito yekha, mnzake ndi dzuwa. Mu 2011 kampani ya ku Britain yopanga mankhwala osamalira galimoto, Autoglym, inafotokoza kuti boneti ikatentha clear amafewa n'kufutukuka pamene chitosi chikuuma n'kulimba. Kukazizira usiku, clear amabwerera n'kuuma motsata makwinya a chitosicho, ndiye kuwala kukagunda pamenepo kumabalalika, malowo n'kumaoneka ofwifwa. Nayo Ford inaulula mu 2020 kuti ili ndi zitosi zopangira mu labotale, zimene imapopera pa zitsulo zopentedwa n'kuziika mu uvuni pa madigiri 40, 50 ndi 60 kuti ione ngati penti apirira. Amene anagwirapo denga la galimoto yakuda masana ku Salima kapena ku Chikwawa akudziwa kuti uvuni wotero ife timakhala naye pabwalo.

Chitosi chikadali chachiwisi, ntchito yake ndi ya botolo la madzi ndi kansalu kofewa. Chikauma, musalimbane nacho. Nyowetsani nsalu, iyaleni pamwamba pake, dikirani mphindi 10, kenako nyamulani mokweza, osati mokokera m'mbali. Chikakana, bwerezani. Mukatha sambani m'manja, chifukwa zitosi zimanyamula majeremusi.

Povuta ndi pamene chipsera chatsala kale. Tsukani malowo, aume, muwayang'ane chopendekera dzuwa likupendeka, ndipo mudutsitsepo chikhadabo pang'onopang'ono. Ngati chikhadabo sichikodwa ndipo chipsera chikuzimirira mukathirapo madzi, bala lili pamwamba. Limeneli munthu angathe kulichotsa yekha pakhomo: kadontho ka compound kapena polishi wa galimoto pa nsalu ya microfibre, kupukuta modekha kadera kakang'ono, kufufuta, kuyang'ana, kubwerezanso. Chitani zimenezi pamthunzi, chitsulo chitazizira. Mukaona nsalu ikutenga mtundu wa galimoto, imani. Mwina galimotoyo ili ndi penti wopanda clear, monga zimakhalira ndi maminibasi ena opentedwanso, kapena mwaboola kale.

Bala lozamirapo limafuna sandipepa wa madzi, wa nambala 2000 kapena 3000, kenako makina opukutira kuti kuwala kubwerere. Apa mpofunika kumvetsa chimene chikuchitika. Kupala sikudzaza dzenje ayi, kumatsitsa clear wozungulira mpaka afanane ndi pansi pa dzenjelo. Chimene chapalidwa chapita. M'magalaja a ku Ndirande kapena ku Biwi muli amisiri a manja abwino, koma mulinso ena amene amangoti, "Bwana, tingopala pang'ono, ziwala," asanafunse n'komwe ngati galimotoyo inapalidwapo kale. Galimoto yogula kwa wina mbiri yake simuidziwa yonse, ndipo m'mphepete mwa boneti ndi m'mizere yopindika clear amakhala wochepa kwambiri. Mmisiri amene amayamba ndi polishi wofewa, n'kumakwera pang'onopang'ono, ndi amene ine ndingamusiyire makiyi. Kachipsera kosaoneka bwino katatsala, kulibwino kukasiya kusiyana ndi kukathamangitsa mpaka kuboola.

Pali bala lina limene polishi aliyense amalilephera: clear akachita makwinya kapena timing'alu tonga ta dothi la padambo louma. Pamenepo palibenso chopala, pofunika kupopera. Ndipo wopopera woona mtima adzakuuzani kuti apopera boneti yonse, chifukwa chigamba cha clear pakati pa chitsulo chimadzaonekera m'mphepete pakapita nthawi.

Za kupewa n'zosachuluka. Wax wopaka miyezi ingapo iliyonse sangaletse asidi, koma amakupatsani nthawi ndipo chitosi sichimamatira kwambiri. Sopo wa ufa wochapira zovala, amene otsuka galimoto ambiri amakonda chifukwa cha thovu lake, amasukulula wax yemweyo. Musanaimike pansi pa mtengo, yang'anani pansi: pakakhala poyera mbee ndi zitosi, ndiye pogona mbalame.

Zikafika popopera, musalole kuti wopopera asakanize mtundu ndi maso okha. Galimoto zambiri zili ndi nambala ya penti wake pa kachitsulo kapena kapepala ka pa mphuthu ya chitseko kapena m'kati mwa boneti. Pa Toyota imalembedwa pambali pa zilembo C/TR: 040 ndi woyera wamba, 070 ndi woyera wa pearl, 202 ndi wakuda. Zoyera ziwirizo zimaoneka ngati zofanana m'galaja, koma padzuwa zimasiyana. Popeza penti wakale amakhala atasuluka, uzani mmisiri apopere kaye pa kachitsulo kapadera, mukayerekeze ndi chitseko panja, asanakhudze boneti.