ZA KUKONZERATU PHWANDO LA NYAMA YOOCHA

Pofika nyengo ya Krisimasi, kapena tsiku la ubatizo kaya la ukwati, kawiri kawiri akulu a mpingo asenzetsa mphunzitsi kapena katekisiti udindo wa kuyang'anira phwando. Nchito imeneyi ioneka yaing'ono, koma ikalakwika ibala zoipa ziwiri. Coyamba, amai ophika aswera ku moto osalowa m'kacisi, pa tsiku lomwe anayenera kupembedza pamodzi ndi anzao. Caciwiri, anthu akadwala m'mimba atadya, ayamba kuganizirana za mankhwala ndi ufiti, ndipo mtendere wa pamudzi uonongeka. Cifukwa cace tifuna kulongosola pano mau akuti kukonzeratu, ndi kupenyanso macitidwe a Angelezi, amene phwando la nyama yoocha liri mwambo wao wakale.

I. ZA MAU ACE

Mneni wa Cinyanja akalandira -ratu, atsata lamulo limene ana a sukulu angathe kuligwira msanga. Ngati m'tsinde la mneni muli a, i, kapena u, titi -iratu: kusamba, kusambiratu, kuphika, kuphikiratu, kugula, kuguliratu. Ngati muli e kapena o, titi -eratu: kusenda, kusenderatu; kukonza, kukonzeratu. Aneni aafupi atsata njira yaciwiriyi: kupha, kupheratu, kudya, kudyeratu, kupsa, kupseratu. Polangiza titi mukonzeretu, ipseretu. Ndipo polamula anthu ambiri titi konzeranitu.

Tsono -ratu ali ndi matanthauzo awiri. Lina ndilo kucita cinthu nthawi yace isanafike, monga ponena kuti, Amai anaguliratu mcere. Lina ndilo kucita cinthu kotheratu, osasiyako, monga ponena kuti, Nyama yapseratu. Muwasunge onse awiri, pakuti nzeru yonse ya phwando igona pa iwo.

Tisasokonezenso aneni a ku moto. Kuphika kuli kwa mphika ndi madzi. Kukazinga kuli kwa phale kapena ciwaya. Kuwamba ndiko kuumitsa nyama pang'ono pang'ono pamwamba pa moto kuti isungike. Kuocha ndiko kuika nyama pa makala kapena m'uvuni, popanda madzi. Phwando la Angelezi ndi la kuocha m'uvuni.

II. MWAMBO WA ANGELEZI

Ku England cakudya cacikulu ca Krisimasi cidyedwa masana a pa 25 December. Pakati pa gome aika nkhukundembo yoocha, ndi pambali pace mbatata za kacewere zoocha m'mafuta, kabici, karoti ndi msuzi wa nyama. Mbalame imeneyi kwao ndi ku Mexico ndi maiko ena a America, ndipo inafika ku England m'zaka za m'ma 1500. Nthawi yaitali inali ndiwo ya olemera okha. M'zaka za m'ma 1800 anthu osauka anali kudya tsekwe. Anali kusonkha tindalama sabata ndi sabata kwa miyezi ingapo kuti amgule, ndipo popeza nyumba zao zinalibe uvuni, anali kupita naye kwa wophika mikate kuti awaochere. Charles Dickens anaonetsa moyo umenewu m'buku lace la 1843, A Christmas Carol. Nkhukundembo inafika pa gome la anthu wamba itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse.

Kukonzeratu kwao kuyamba kutatsala masabata ngati 5. Tsiku la Mulungu lotsiriza isanayambe Adventi alicha Stir-up Sunday. Dzinali licokera ku mau oyamba a pemphero la tsikulo m'buku la mapemphero la Mpingo wa England, Book of Common Prayer, loyamba kusindikizidwa m'caka ca 1549. Pempherolo lipempha kuti Mulungu atakase mitima ya anthu. Koma mau omwewo m'Cingelezi anenanso za kutakasa mumphika, ndipo anthu anazolowera kutakasa tsiku lomwelo cakudya cozuna cimene acicha Christmas pudding. Asanganiza ufa, mafuta a ng'ombe, mazira, shuga ndi mphesa zouma, naciphika pa nthunzi maora ambiri. Cisungika masabata onsewo cifukwa ca shuga wambiri ndi zipatso zouma. Enanso athiramo mowa waukali. Pa Krisimasi angocitenthetsa.

Nkhukundembo zambiri zigulidwa zoumitsidwa ndi cisanu, ndipo ziyenera kusungunuka m'firiji, maora 10 kufikira 12 pa kilogalamu iri yonse. Mbalame ya makilogalamu 5 ifuna maora 50 kufikira 60, ndiko kupitirira masiku awiri. Woiwala ici aika m'uvuni mbalame yokhala ndi cisanu m'kati. Kunja ipserera, m'kati iri yaiwisi. Pa 24 December asenderatu ndiwo zamasamba, abwatitsiratu mbatata pang'ono, naphikiratu msuzi wa khosi ndi zam'kati, nasunga zonse pozizira.

III. KUWERENGA NTHAWI COBWERERA M'MBUYO

Wophika wanzeru ayamba kuwerenga pa ora la kudya, nabwerera m'mbuyo. Tinene kuti alendo adzakhala pa gome 1 koloko masana. Nyama yoocha ifunika kupuma isanadulidwe, kuti madzi ace akhazikike m'minofu. Tiipatse mphindi 40, ndiye kuti ituruke m'uvuni 12.20. Mbalame ya makilogalamu 5, pa moto wa madigiri 180, ifuna mphindi 40 pa kilogalamu. Zonse pamodzi mphindi 200, ndiwo maora 3 ndi mphindi 20. Cotero ilowe 9 koloko m'mawa. Pamene mbalame ipuma, uvuni uli wopanda kanthu, ndipo mbatata zilowa nthawi yomweyo. Cizindikiro ca kupseratu ndi ici: polasa pa ncafu ponenepa, madzi aturuke oyera opanda mwazi, ndipo cipangizo coyesera kutentha cisonyeze madigiri 75.

Kawerengedwe kameneka nkoyenera kuphunzitsa ana a sukulu, pakuti kali samu ya kuculukitsa ndi kucotsa, ndipo kagwira nchito pa mbuzi ndi nkhuku monga pa nkhukundembo.

IV. ZOSAYENERA KUPHIKIRATU

Apa ndipo tiyenera kucenjera potsanza. Krisimasi ya Angelezi igwa m'nyengo ya cisanu, ndipo pafupi nyumba iri yonse iri ndi firiji. Yathu igwa m'dzinja, nyengo ya mvula ndi citungu, ndipo midzi yambiri iribe magetsi. Tizirombo todwalitsa tiswana msanga m'cakudya cimene kutentha kwace kuli pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo usiku wa December kuno uli m'kati mwa malire omwewo. Ncifukwa cace a World Health Organization alangiza kuti cakudya cophika cisakhale poyera kupitirira maora 2.

Mitundu iwiri ya tizirombo ikonda maphwando. Wina, Clostridium perfringens, ukhala m'nyama ndi msuzi. Mbeu zace sizifa pophika. Mphika waukulu ukamazizira pang'ono pang'ono usiku wonse, ziphuka ndi kuswana, ndipo odya atsekula m'mimba atapita maora 6 kufikira 24. Wina, Bacillus cereus, ukhala mumpunga. Mpunga wogonera ubala ululu umene sutha ngakhale muutenthetsenso, ndipo usanzitsa anthu asanathe maora 6. Cakudya cotere sicinunkha, sicisinthanso maonekedwe; ndico cifukwa cace anthu safulumira kucikaikira, koma akaikira mnzao amene anagawa ndiwo. Inu aphunzitsi muwamasulire cifukwa ceniceni phwando lisanacitike, pakuti kunena atadwala kale kumveka ngati kubisa mlandu.

V. DONGOSOLO LA PA MPINGO

Zouma ndi zamoyo ndizo zokonzeratu. Zophika zidikire tsiku lace.

Mvula isanayambe: mutemeretu nkhuni ndi kuzisunga pakhonde, pakuti nkhuni zaziwisi zicedwetsa phwando koposa kanthu kena kali konse. Muyambirenso kusonkha, monga anacitira osauka a ku England pofuna tsekwe wao.

Kutatsala sabata: muguliretu mbuzi, nkhuku, mpunga, mcere ndi mafuta, mugayitsiretu cimanga, mubwerekeretu miphika. Ziweto zikhale zamoyo, pakuti mbuzi ya pa cingwe siola.

Dzulo lace: mupeteretu mpunga koma osauphika, mutsukiretu mbale, mutungiretu madzi, a kumwa muwawiritse, mugawiretu nchito ndi kulemba maina, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tsiku lace: mbuzi iphedwe mbanda kuca. Mpeni ndi thabwa zodulira nyama yaiwisi zisakhudze nyama yakupsa. Mudule nthuli zofanana kuti zipsere pamodzi, ndipo muziochere pa makala, osati pa malawi, pakuti malawi adetsa kunja nasiya mwazi m'kati. Mpunga ndi nsima ziphikidwe kumapeto. Mapemphero akatalika, ndiwo zikhale pa moto zirikutentha kwenikweni, osati zofunda cabe. Ophika alandirane m'magulu awiri, kuti pasakhale mai wosamvako Mau tsiku limenelo.

Zotsala zigawidwe ndi kudyedwa tsiku lomwelo. Ngati nyama yaiwisi yacuruka, muilenge mizere yopyapyala, muithire mcere ndi kuiwamba monga anacitira makolo athu. Wodwala kutsekula m'mimba asaphike kapena kugawa cakudya, angakhale ali mkazi wa mkulu wa mpingo. Mumuuze mwaulemu ndi kumpatsa nchito ina.

Pomaliza, muyese ana anu pa sukulu: apange ziganizo zitatu za -ratu wa nthawi isanafike, ndi zitatu za -ratu wa kotheratu, kenaka awerenge ora loyatsa moto, ngati nyama ifuna maora 3 ndipo alendo adya 1 koloko.