Ankawoloka nawo nyanja, koma iwo nkubwerera

Sitima ya Titanic itanyamuka padoko la Southampton pa 10 Epulo 1912, anthu pafupifupi 900 mwa omwe anali m'menemo anali pantchito. Oposa theka la iwowa sanali amalinyero ayi. Anali ophika, otsuka mbale, oyala mabedi ndi operekera zakudya. Bambo wotumikira apaulendo ankalandira mapaundi 3 ndi mashileni 15 pamwezi, ndipo ankalembedwa ntchito ulendo umodziumodzi. Sitima ikabwerera kwawo, ntchito yathera pomwepo, akayambirenso kusaka.

Chomwe chinkawasunga pantchitoyi ndi kangachepe kochokera kwa apaulendo, ndipo apa ndi pamene wotumikira m'kalasi yachitatu ankalira. Mnzake wa m'zipinda zam'mwamba, woyalira bedi mpondamatiki, ankatsika thumba likulemera. Iye uja wapansi ankasamalira anthu osamukira ku America kuchokera ku Ireland, Sweden, Finland, Bulgaria ndi Syria, ambiri a iwo atagulitsa zapakhomo kuti apeze tikiti. Munthu amene chuma chake chonse chili m'kabokosi kamodzi angakupatse chiyani? Chikhalirecho, makampani a sitima monga White Star Line ndi Cunard ankadyera kwambiri unyinji womwewo.

Ntchito inkayamba kusanache. Kuyala matebulo ataliatali, kugawa phala, nsomba, mbatatesi ndi buledi, kutsuka, kukolopa, kenako kuyambiranso. Nyanja ya Atlantic ikakwiya, anthu amene sanakwerepo sitima ankasanza usiku wonse, ndipo wotumikira ndiye ankayenda ndi ndowa ndi chikolopa m'tinjira topanikiza. Mu Titanic, yomwe inkatamandidwa kuti inkasamala bwino osauka, apaulendo oposa 700 a kalasi yachitatu anali ndi mabafa awiri okha. Womasulira zinenero anali mmodzi, kotero zambiri zinkayenda ndi manja basi.

Wotumikira analinso mlonda. Amuna osakwatira ankagona kutsogolo kwa sitima, akazi osakwatiwa kumbuyo, ndipo iye ankaonetsetsa kuti wina asalumphe malire. Zitseko zolekanitsa kalasi yachitatu ndi anthu ena zinalipo chifukwa cha malamulo a America oletsa kufala kwa matenda. Pa Ellis Island ku New York, pomwe panatsegulidwa mu 1892 ndipo panadutsa anthu pafupifupi 12 miliyoni, madokotala ankatembenuza zikope kufufuza nthenda ya maso. Wokanidwa ankabwezedwa, kampani nkulipira ulendo wake. Ndiye ukhondo wa pansipo sichinali chifundo chokha, inali nkhani ya ndalama.

Usiku wa pa 14 Epulo, Titanic itawomba chiphiri cha madzi oundana, zitseko ndi tinjira tomweto zinasanduka msampha. John Edward Hart, mmodzi wa otumikira m'kalasi yachitatu, anauza bwalo lofufuza ngoziyi ku London kuti anatsogolera magulu awiri a amayi ndi ana kuchokera pansi mpaka pamwamba pomwe panali mabwato opulumukira. Paokha anthuwo akanasochera, pakuti njira yake sanaiyendepo. Hart anapulumuka. Catherine Wallis, amene ankayang'anira amayi ndi ana a kalasi yomweyo, anamira.

Wodziwika kwambiri pantchito yotumikira apaulendo m'sitima ndi Violet Jessop, wobadwira ku Argentina mu 1887 kwa makolo ochokera ku Ireland. Anali mu sitima ya Olympic itagundana ndi sitima yankhondo ya HMS Hawke mu 1911, anapulumuka mu Titanic, napulumukanso mu sitima ya Britannic itamira mu 1916. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha anabwereranso panyanja. Ena amati kulimba mtima. Ine ndimaona munthu amene ntchito yomupatsa chakudya inali yomweyo.

Tauni ya Southampton inataya anthu oposa 500 pangozi ya Titanic, ambiri a iwo odyetsa mabanja. Malipiro a ogwira ntchito anaimitsidwa tsiku lomwe sitima inamira, ngakhale kwa opulumuka.

Ntchitoyi inasintha mu 1924 pamene America inakhwimitsa lamulo la anthu olowa m'dzikomo. Osamuka atachepa, makampani anakonzanso zipinda zapansi zija nkuyamba kunyamuliramo ophunzira ndi aphunzitsi opita kukaona Ulaya pamtengo wotsika.